Mawaya Awiri, Mzere Umodzi

Amene munakhalako ku Balaka zaka za m'mbuyomu mukukakumbukira kashopu kamene kanali kuseri kwa depoti, pakati pa telala ndi malo ometera. Pano nkotseka. Chitseko chake nchachitsulo, denga lake silidontha, koma palibe amene analowamonso. Nkhani yake ndi iyi, monga amaikambira amene anali pafupi.

M'menemo munkagwira ntchito mapasa aakazi, Ndaziona ndi Mwandida. Onse anaphunzira zamagetsi ku Blantyre, onse anakana ntchito za m'maofesi, nabwerera kwawo kudzakonza makina a zipatala zing'onozing'ono za m'midzi. Ndaziona ndiye ankawerengera ndi kujambula papepala. Mwandida ndiye ankawotcherera. Ankakhala pa benchi limodzi lalitali, Ndaziona mpando wa kumanzere, Mwandida wa kumanja, ndipo dzuwa linkatha kulowa osalankhulana, chifukwa wina akafuna chinthu ankapeza mnzake wachiika kale pafupi ndi dzanja lake.

Chaka chimenecho anali ndi ntchito imodzi yaikulu. Chipatala china cha kufupi ndi Utale chinkafuna makina ojambula kugunda kwa mtima, oyendera batire, oti namwino azitha kuwanyamula panjinga. Mtima wa munthu umatulutsa timagetsi tochepa kwambiri. Kuti tioneke pamafunika chipangizo chokuza magetsi chotchedwa ampulifaya, ndipo ampulifaya yake ndi yamtundu wina: imalandira mawaya awiri nkutulutsa mmodzi. Sikuza zimene zili pa waya woyamba, sikuzanso zimene zili pa wachiwiri. Imakuza kusiyana kwa awiriwo basi. Chilichonse chimene chafika mofanana pa mawaya onse awiri imachitaya ngati kulibe.

Matenda a ampulifaya zotere ndi kukhota. Chotuluka chiyenera kukhala chithunzi chenicheni cha cholowa, chongokula msinkhu. Ukailowetsa magetsi okwera pang'onopang'ono mofanana, pa galasi la makina oyezera, amene iwo ankangowatchula kuti osilo, payenera kuoneka mzere wowongoka ngati chingwe cha mmisiri womanga nyumba. Ukapindika kunsonga, makinawo adzanamiza dokotala. Mtima wodwala udzaoneka wabwino.

Pakhomo pa ampulifayayo pamakhala thiranzisita ziwiri, tizipangizo takuda tamiyendo itatu, tochepa ngati nyemba. Ziwirizi ziyenera kufanana pa chilichonse, ngakhale kufunda kwake. Mapasawa anali ndi njira yawoyawo yozisankhira. Ankazithira zambiri m'mbale nkumayeza ziwiriziwiri, ndipo pofuna kuona ngati zifananabe zikafunda, wina ankatsina imodzi ndi zala, wina inayo, nthawi imodzi, maso ali pa osilo. Kwa anthu ena njira imeneyi singagwire, poti zala za anthu awiri sizifunda mofanana. Zawo zinkafanana.

Mwandida anagwa Lachiwiri lina mu Ogasiti, cham'ma teni koloko m'mawa, chitsulo chowotcherera chili m'manja. Sanadandaule mutu, sanadandaule kanthu. Anangoti, "Tagwira apa," Ndaziona nagwira waya, ndipo pocheuka anapeza mnzake watsamira pa benchi ngati akuyang'anitsitsa kanthu kakang'ono. Adokotala anati ndi mtima. Anauzanso Ndaziona kuti mitima ya mapasa otere imaumbidwa chimodzimodzi, choncho abwere adzayezedwe. Iye anavomera. Sanapite.

Maliro anakaikidwa kumudzi kwa amayi awo, kutsidya kwa mtsinje wa Rivirivi. Makolo anali atatsogola kale, motero zonse anayendetsa ndi atsibweni awo, a Jailosi, munthu wamfupi wokonda nthabwala amene anapuma ntchito ya njanji. Kumudzi kumeneko kuli mwambo. Mmodzi wa mapasa akamwalira, amadula chipatso cha mvunguti, chachitali ngati mkono, nkuchikulunga m'nsalu ya wotsalayo, nkuchigoneka m'bokosi pambali pa malemu. Amati wopitayo akafufuza pambali pake apeze kuti mnzake alipo, agone. Akapanda kumupeza amabwerera kudzamutenga, ndipo amamutenga mvula yoyamba isanatsuke manda.

A Jailosi anachita zonse mwadongosolo. Asanakhome bokosi, Ndaziona anapempha kuti atsale yekha ndi m'bale wake kanthawi, ndipo anthu anatuluka. Sikuti mwambowo sankaukhulupirira. Za kukhulupirira sanaziganize nkomwe. Chimene chinamukanika nchakuti chibadwire anali asananamizepo Mwandida, ndipo sanafune kuyamba tsiku limenelo, ndi chipatso. Anachichotsa. Nsalu anaipinda bwino kuti izionekabe yotupa. Mvungutiwo anatuluka nawo m'kati mwa chitenje chake nakautaya kudzala. Palibe amene anaona.

Patatha masabata atatu Ndaziona anatsegula shopu.

Thiranzisita anasankha yekha, ina atatsina ndi dzanja lamanzere, ina ndi lamanja. Mzere pa osilo unakwera bwino mpaka pakati, kenako unaweramira kumbali ngati mmera wosowa madzi. Anawerengeranso. Anaika rezisita, kachipangizo kochepetsa magetsi, pansi pa mwendo wa thiranzisita iliyonse, kuti zisamathamange kuposa mphamvu zake. Mzere unadzuka pang'ono. Anachepetsa kukuza, nabweza gawo la chotuluka kuti lizikadzudzula cholowa. Unadzukanso pang'ono, koma kunsonga unali wopindikabe. Kuwotcherera kwake nakonso kunali konyansa. Mwandida ankanena kuti Ndaziona akawotcherera pamaoneka ngati padutsa mbuzi.

Choyamba kusowa chinali chopanira chaching'ono chonyamulira tizipangizo. Anachisiya kumanzere kwake madzulo. M'mawa anachifuna pansi, m'madirowa, m'chikwama, nkuchipeza kumanja kwa benchi, chitagona mopingasa pamwamba pa kabotolo ka mankhwala otsukira, pomwe Mwandida ankachisiya. Anaganiza kuti ndi manja ake amene akukumbukira zinthu paokha. Anachibwezera kumanzere.

Kenako unali mpando. Ankaulowetsa pansi pa benchi potseka, nkuupeza utatuluka pang'ono, potalika pokwana munthu wochepa thupi. Tsiku lina potsegula chitseko anamva fungo la mtovu wotentha. Chitsulo chowotcherera chinali chozizira, waya wake atakulungidwa pa msomali.

Telala wa khomo loyandikana anali Abiti Saidi, mayi wonenepa amene pakamwa pake sipankauma. Lachinayi lina anamuitana ali pa makina ake osokera.

"A injiniya, mwayamba kuseka, ndathokoza Mulungu. Dzulo masana ndinakumvani. Ndinati kaya apeza bambo, atiuze tisoke diresi."

"Dzulo masana ndinali ku Liwonde, mayi. Ndinakagula mabatire."

Abiti Saidi anasiya kupalasa makina. Anayang'ana khoma lolekanitsa mashopu awiriwo, kenako anayang'ana nsalu imene inali m'manja mwake.

"Ndiye kuti inali wailesi ya ometawa," anatero.

"Inali wailesi."

Onse awiri ankadziwa kuti ometawo anali atapita ku ukwati ku Ntcheu ndipo sanatsegule sabata yonse. Kuyambira tsiku lotsatira Abiti Saidi anayamba kusokera panja, pansi pa mtengo wa mango, ankati m'nyumba mukutentha.

Ndaziona ankakhala ku mapuloti a kuseri kwa njanji, ndipo masiku ena ankakwera kabaza. Wakabaza wake wa nthawi zonse anali bambo wa imvi, wamiyendo yowuma ngati nkhuni, amene sankatsitsa munthu pachitunda chilichonse. M'mawa wina anaima pakati pa kachitunda ka pafupi ndi chigayo, akupuma movutika.

"Achemwali, tatsikani pang'ono. Lero m'chikwamamo mwanyamula njerwa?"

Munali kope ndi pensulo. Bamboyo anadina tayala lakumbuyo ndi chala, nalipeza lolimba. Anayang'ana pa khushoni yokhalira, pomwe panali potsika malo awiri. Kenako anamufikitsa kudepoti. Tsiku lotsatira atamuona akubwera anawerama nkumakonza tcheni chimene sichinawonongeke.

Choncho anayamba kuyenda wapansi. Pamene msewu umawoloka njanji pankakhala mayi wina wogulitsa masau, wachilendo, amene Ndaziona anali asanamuonepo. Tsiku lachitatu mayiyo anamuyang'ana modabwa.

"Mwaiwala chiyani kunyumba, amayi?"

"Sindinaiwale kanthu."

"Ndiye mwazungulira kuti? Mwangodutsa pompano. Ndakupatsani moni, simunayankhe. Ndinati kaya masau anga anakulakwirani chiyani."

"Ndinalowera kuti?"

"Komwe mukupitako."

Ndaziona anafulumira. Anali atafika kale pa depoti pamene anazindikira kuti sakuthawa. Akuthamangira.

Loko anali wokhoma monga anamusiyira. M'kati munalibe munthu. Koma pa kabolodi ka ampulifaya, rezisita ziwiri zimene iye anaika zinali zitachotsedwa, zitagonekedwa pambali mwaudongo, ndipo m'malo mwake munali zina. Powotcherera pake panali posalala, ponyezimira ngati dontho la mame. Anatenga galasi lokuzira nayang'ana nthawi yaitali. Kenako anakhala pansi nawerengera mphamvu ya rezisita zatsopanozo, tsamba lonse. Zinali zolondola. Iye ndiye anali atalakwitsa, mzere wachinayi wa masamu ake, sabata ziwiri zapitazo.

Anayatsa osilo. Mzere unakwera, unakwera, nkupindika pang'ono chabe kumapeto kwenikweni.

Anakhudza thiranzisita ya kumanja ndi nsonga ya chala nachotsa msanga. Inali yozizira ngati yochokera m'firiji. Uwu unali Okutobala, mwezi umene ku Balaka malata amalira okha ndi dzuwa, koma pa kachipangizo kameneko panali kadontho ka madzi. Ya kumanzere inali yofunda monga mwa masiku onse. Anaitsina ndi zala ziwiri, mmene ankachitira kale, maso ali pa osilo. Poyamba mzere unapindika kwambiri, monga anayembekezera. Anagwirabe. Patapita mphindi zingapo unayamba kudzuka, pang'onopang'ono, ndipo kuzizira kunayamba m'zala zake nkukwera mpaka m'chigongono.

Anali munthu wa miyeso, choncho anagula choyezera kutentha kwa thupi nayamba kulemba m'kope. Lolemba, 36.4, kukhota magawo atatu pa zana. Lachitatu, 35.9, magawo awiri. Lachisanu, 35.4, gawo limodzi. Manambalawo anawaika pa galafu, ndipo nawonso anapanga mzere wowongoka. Anauona kumene ukulowera. Anatseka kope napitiriza ntchito.

Anthu amafunsa chifukwa chake sanathawe, sanapite kutchalitchi, sanauze munthu. Yankho nlakuti masabata amenewo ndiwo anali opepuka kwa iye chichitikireni maliro. Ankajambula madzulo, m'mawa nkupeza zawotchereredwa. Akafuna chopanira ankachipeza pafupi ndi dzanja lake. Tsiku lina anajambula dala waya wolowera polakwika, kuti aone. M'mawa anapeza papepalapo pali kabowo kakang'ono kopsa, ndendende pa cholakwikacho, kozungulira ngati nsonga ya chitsulo chowotcherera. Anaseka. Panja, makina a Abiti Saidi anasiya kulira.

Abiti Saidi ndiwo anatumiza uthenga kumudzi.

A Jailosi anafika Lachitatu masana, panjinga yawo yakale, chipewa chitanyowa thukuta. Kumwera, mbali ya ku Zomba, mitambo inali itayamba kuunjikana. Anapeza Ndaziona atavala juzi.

"Juzi mu Okutobala. Ndi fashoni ya ku Blantyre, kapena ukuyeserera kukhala mbatata yootcha?"

"Ndikumva kuzizira pang'ono, atsibweni. Khalani."

A Jailosi anayenda kupita ku mpando wa kumanja, nagwira chotsamira chake kuti aukoke. Anaima. Anachotsa dzanja nalipukuta pa thalauza. Kenako anagubuduza kireti yopanda kanthu nakhala pamenepo, pafupi ndi khomo. Anayang'ana benchi, makapu awiri a tiyi, imodzi yomwedwa, ina yodzaza, yoyandama kakhungu pamwamba.

"Tandipatsa dzanja."

Anawapatsa. Analigwira ngati mmene munthu amagwirira nsomba pamsika, nalisiya.

"Mvunguti uja ndinadula ndekha," anatero. "Ndinaukulunga ndekha m'nsalu yako yobiriwira ija. Ndiuze kuti uli m'bokosi, ndimwe madzi ndizipita."

"Uli kudzala."

A Jailosi anavula chipewa. Anachitembenuza kawiri m'manja.

"Sukulu imeneyi," anatero potsiriza. "Ndinkamuuza mlongo wanga."

"Si sukulu, atsibweni. Sindinafune kumunamiza."

"Kumunamiza. Iwe, tonsefe tinaleredwa ndi mabodza. Amako ankakuuzani kuti jakisoni sapweteka. Ine ndinakuuzani kuti njovu ya ku Liwonde ndi mnzanga, munakhulupirira mpaka Sitandade 4. Bodza lina ndi bulangete, umamufunditsa munthu kuti agone. Iwe wamusiya mnzako pambalambanda miyezi iwiri, akupapasa."

"Akanadziwa. Mwandida akanadziwa kuti si ine."

"Onse amadziwa. Ukuganiza kuti akufa ndi zitsiru? Amadziwa kuti ndi chipatso. Koma amaona kuti abale ayesetsa, nawonso amachita ulemu, amakhala ngati sakudziwa. Ndi mmene anthu amasiyanirana." Anapukuta nkhope ndi chipewa. "Tsopano ndikufunse, ndipo usandiyankhe za kusukulu. Ukufuna kupita?"

Ndaziona anayang'ana osilo. Inali yozimitsa, galasi lake lotuwa.

"Sindikufuna kupita."

"Chabwino."

"Koma sindikufunanso kuti achoke."

"Zimenezo ndiye palibe sitolo yake." Anaimirira, mawondo akulira. "Mlongo wanga anandisiyira awiri. Mmodzi ndakwirira. Winayu andikwirire ine, ndi mmene mzere umayendera. Pali mtengo wa mvunguti kumtsinje, kuseri kwa dimba la a Mposa. Ola limodzi ndabwera. Tikwera matola, tikafika kusanade, adzukulu akatikumbira kadzenje pambali pa manda, tikaugoneka. Nsalu ili m'bokosi kale. Mwina alandira." Anasuzumira kunja nayang'ana mitambo. "Mvula ikagwa tisanafike, ndiye kaya. Tseka muno. Ukakhale kwa Abiti, padzuwa. Usagwire kanthu, usayatse kanthu, usayankhe aliyense. Wamva?"

"Ndamva, atsibweni."

"Umamva bwino iwe. Kuchita ndiye kwina."

Anakwera njinga napita.

Ndaziona anatsuka makapu. Anatseka mawindo, natenga loko pa msomali. Anali atafika pakhomo pamene anacheuka kuti aone ngati wasiya zonse bwino, ndipo anaona kuti makina aja atha. M'mawa anali atatsala mawaya atatu ndi chivundikiro. Tsopano anali m'kabokosi kake, zomangira zinayi zitamangidwa, batire ili m'malo, mawaya awiri oyezera, wofiira ndi wakuda, atatuluka kutsogolo, aliyense ndi kachopanira kake kunsonga.

Chinatsala chinthu chimodzi, kuwayesa pa munthu wamoyo. Namwino wa ku Utale ankayenera kudzawatenga Lachisanu, ndipo makina osayesedwa sapatsidwa kwa odwala. Ndi ntchito ya mphindi ziwiri. Adokotala nawonso anali atanena kuti ayezedwe. Zifukwa zonsezi anaziyala m'mutu mwake chimodzichimodzi, ndipo zonse zinali zoona. Anaika loko pa benchi nakhala pa mpando wake.

Poyamba anawayesa mwa nthawi zonse, ndi magetsi okwera mofanana. Mzere unayambira pakona ya pansi ya galasi nkukathera pakona ya pamwamba. Anaika rula pagalasipo. Panalibe mpata ngakhale woti tsitsi lilowe. Zaka khumi ndi zisanu za ntchito anali asanaonepo chotero, ndipo m'mabuku amanena kuti sizitheka.

Anakwinya dzanja la juzi, napukuta mkono ndi mankhwala, napanira waya wofiira pa mkono wamanzere. Wakuda ankayenera kupita pa mkono wamanja. Anatambasula dzanja kuti amutenge pomwe anamusiya, koma panalibe. Anamutsata ndi maso kuchokera pa kabokosi. Wayayo anadutsa pa benchi, nkutsikira kumanja, nkukathera pamwamba pa mpando winawo. Kachopanira kake sikanagone pa thabwa. Kanali m'mwamba pang'ono, kukamwa kwake kotseguka mpata wochepa, wokwana khungu la mkono.

Waya mmodzi akakhala pa munthu, wina ali padera, galasi limadzaza zikwalakwala. Waya wapadera amatola chilichonse chodutsa mumpweya. Aliyense wophunzira chaka choyamba amadziwa zimenezi.

Pa galasi panali mzere umodzi wogona, wosagwedera, kuchokera kumanzere mpaka kumanja.

Anayeza batire. Inali yodzaza. Anawonjezera kukuza mpaka pamapeto. Mzere sunasunthe. Anaika zala ziwiri pakhosi pake namva mtima wake ukugunda, mofulumira pang'ono. Choncho pa waya wofiira kugunda kunalipo. Ndipo ampulifaya imeneyi inkataya chinthu chimodzi chokha, chimene chafika mofanana pa mawaya onse awiri.

Ndiye kuti pa waya wakuda panalinso kugunda. Kugunda komweko, nthawi yomweyo, msinkhu womwewo, osatsogola, osatsalira. Chimene anayamba kumva sichinali mantha. Anamva kunyada, kwa mmisiri amene ntchito yake yakhoza.

Kunja mphepo inadzuka. Inakokolola mapepala a pa depoti, ndipo anamva Abiti Saidi akuitana munthu kuti awathandize kulowetsa makina. M'shopumo munada ngati madzulo, chonsecho inali isanakwane fili koloko ya masana. Fungo la dothi linalowa pansi pa chitseko.

"Mwandida," anatero, osacheuka. "Ndinachotsa ndine. Atsibweni anaika, ine ndinachotsa."

Kuzizira kunali kumbali yake ya kumanja, kuyambira paphewa mpaka pabondo, ngati pamene munthu wakhala pafupi ndi mtsuko wa madzi.

"Apita kukadula wina. Ndinawalola. Ndati ndikuuze ndekha, usadzamve kwa chipatso."

Dontho loyamba linagwa pa malata. Lachiwiri linachedwa.

Pamenepo mzere unagwedera. Pakati pake panatuluka kansonga kakang'ono, kochepa ngati mutu wa singano, kenako kena, kenako kena, motalikirana mofanana. Kusiyana kunali kutayamba. Mmodzi mwa awiriwo sankagundanso ngati mnzake.

Pojambula makinawa, Ndaziona ndiye anasankha kuti zochokera pa waya wofiira zizilozera m'mwamba, zochokera pa wakuda zizilozera pansi. Anasankha yekha, m'mwezi wa Juni, popanda chifukwa chenicheni. Anaweramira pafupi ndi galasi.

Nsongazo zinkalozera pansi.

Zinkakula. Kugunda kulikonse kunkatsika kuposa kwam'mbuyo. Anachepetsa kukuza kuti zikwane pagalasi, nachepetsanso. Anayang'ana wotchi nawerenga: makumi asanu ndi awiri mphambu ziwiri pa mphindi, mosaphonya. Anayang'ananso maonekedwe ake, kaphiri kakang'ono koyamba, nsonga yaitali, kaphiri kotsiriza, zonse zozondoka, zonse zoyera, popanda kukhota kulikonse. Dokotala aliyense akanati mtima umenewu ndi wabwino.

Anaganiza zochotsa waya wofiira pa mkono wake. Akanatha, dzanja lamanja linali lomasuka. Koma makinawo sankachita kanthu kwa iye. Ankangonena zimene zilipo, mosawonjezera, mosachotsera, monga awiriwo anawapangira. Nsonga zinasiya kukula. Zinafika msinkhu wa mtima wathunthu, umene palibenso china choti chichotsedwepo.

Anabwezera zala ziwiri pakhosi pake. Anadikira. Anasuntha zala pang'ono nadikiranso, koma kugunda sanakupeze. Sanamve kupweteka. Kuzizira kuja nakonso kunali kutatha, kapena kunali kutafika paliponse.

Mvula inayamba kugwa yeniyeni. M'kati mwa phokoso lake anamva njinga ikutsamiritsidwa kukhoma, ndi mapazi othamanga a munthu wokalamba, ndi chinthu cholemera chikugunda chitseko pamene mwini wake ankasintha dzanja.

"Odi. Ndaziona, ndaupeza. Ndinati ukakhale kwa Abiti, iwe. Tiye, mwina kumudzi sinafike."

Ndaziona anatsegula pakamwa kuti ayankhe.

"Lowani, atsibweni," anatero mawu, kuchokera pa mpando wa kumanja.

Anali ngati mawu a Ndaziona yemwe, mpaka kanthabwala kobisika kumapeto kwake. Anthu onse a ku Balaka akanalowa. Koma a Jailosi anawanyamula ana awiriwa tsiku limene anabadwa, ndipo ndi iwo okha pa mtundu wonse amene sanawasokonezepo. Chitseko chinali chitatseguka kale mpata wa chikhatho. Chinaima pomwepo. Kenako, pang'onopang'ono, chinatsekedwa kuchokera kunja.